Wopukuta Nsapato Amene Anagwedeza Ndola

M'mwezi wa Disemba caka ca 1970, woimba wa ku Amereka, James Brown, anafika m'Zambia ndi gulu lace atacokera ku Lagos m'dziko la Nigeria. Anaimba mu Lusaka ndi ku Ndola, naonananso ndi Mtsogoleri wa dziko panthawiyo, a Kenneth Kaunda.

Munthuyu anabadwa mu 1933 m'banja losauka. Ali mwana ku Augusta anali kupukuta nsapato ndi kubvina m'miseu kuti apeze cakudya. Nyimbo zace za funk zinali kutsamira pa ng'oma ndi gitala ya besi, imene paulendowu anali kuliza Bootsy Collins, mnyamata wa zaka 19.

Akulu anati mlendo ndiye abwera ndi kalumo kakuthwa. Anyamata ambiri anayamba kutsanzira mabvinidwe ace ndi mapfuulidwe ace. Koma m'zaka zotsatira magulu monga WITCH, Amanaz ndi Ngozi Family anapeka nyimbo zaozao, zimene zichedwa Zamrock. Paul Ngozi anaimba za mabvuto a m'makomboni m'cinenero cimene anthu ace anali kumva, ndipo dzina lace silinaiwalike.

James Brown anamwalira pa 25 Disemba 2006. Kumudzi, mwana akamanga banjo ya cigubu ndi waya, makolo ena amamthyolera poyesa kuti ndi ulesi. Kholo lanzeru limamtuma kusukulu ndi kumunda, ndipo madzulo limamphunzitsa nyimbo za kwao, kuti pokula akhale ndi zacezace zoimbira alendo.