Mzere ndi umodzi, koma miyendo yathu si yofanana

Lero tikambe za mzere, uja timati laini. Nkhaniyi ndi yaitali pang'ono, ndiye ngati pali kasitomala pa tebulo panu, yambani mwamugulitsa, muwerenge pambuyo.

Ife masiku athu ambiri amathera pa mzere. Pali wa ku chipatala, wa ku banki mwezi ukatha, wa basi m'mamawa pa Great East Road pamene tonse tifuna kufika ku Soweto kukaoda matimati dzuwa lisanatuluke. Mu 2024, chaka cha chilala chija chimene a Pulezidenti Hakainde Hichilema analengeza pa 29 February kuti ndi tsoka la dziko lonse, tinaonjezerapo mzere wa unga ndi wa madzi, chifukwa malaiti akapita pampu siikoka. Lamulo la mzere ngakhale mwana amalidziwa: wafika poyamba, wathandizidwa poyamba. Lamuloli ndi labwino, ndipo limateteza ife osauka, chifukwa pa mzere suti ndi chitenge zimaima pamodzi. Vuto lake ndi lakuti limayesa ngati tonse tili ndi miyendo yofanana ndi msana wofanana.

Pa tebulo panga pamabwera ana a pa University of Lusaka, a kampasi ya kuno ku Silverest, kudzagula kapenta ndi anyezi. Mtsikana wina wophunzira za malamulo ndiye anandionetsa pa foni nkhani imene ndikupatsani apa. Ku America kuli malo a masewera a kampani ya Disney, ku Florida ndi ku California, kumene anthu amalipira ndalama zambiri kuti akwere makatungwe ndi timasitima tothamanga. Munthu amatha kuima ola lathunthu kuyembekezera chinthu chimene chitha m'mphindi zochepa. Mu 1999 eni ake anayambitsa FastPass: unali kutenga katikiti kolembedwa nthawi yoti ubwerere, ndipo aliyense anali kupatsidwa kwaulere. Mu 2021 zaulere zinatha, kunabwera Lightning Lane, njira yachidule ya amene alipira ndalama zina pamwamba pa tikiti yolowera. Mwaona? Ngakhale kusewera, wa ndalama ali ndi khomo lake.

Anthu olemala anali ndi khadi lawo lowathandiza kuti asaime nthawi yaitali. Mu 2013 manyuzipepala analemba kuti mabanja ena olemera a ku New York anali kulipira munthu wolemala kuti ayende nawo ngati wachibale, kuti onse alowere pa khomo lake. Chaka chomwecho kampani inasintha, inabweretsa chimene amati Disability Access Service. Mmene chimayendera ndi motere: ngati mzere ndi wa ola limodzi, wolemala nayenso adikira pafupifupi ola lomwelo, koma adikira atakhala pa mthunzi kapena poduka mphepo, ndipo nthawi yake ikakwana amalowa. Mu 2024 anakhwimitsanso, ati anthu ogwiritsa ntchito njirayi achuluka kwambiri, ndipo anaisiyira makamaka amene ali ndi mavuto monga autism. Odwala matenda ena ambiri amene kale anali kuthandizidwa anayamba kukanidwa.

Pamenepa ndinaonapo zinthu ziwiri. Choyamba, wonama uja amene anabwereka ulemala wa mnzake sanabere kampani. Kampani idakali kupanga ndalama. Anabera wodwala weniweni, amene manje ayenera kufotokoza matenda ake kwa mlendo ndi kupempha kuti amukhulupirire. Chachiwiri chinandiseketsa. Njira ija yodikira uli chikhalire, ife tinaidziwa kalekale popanda kompyuta. Pa mjigo kapena pa pompi timaika chigubu pa mzere, mwini wake n'kukhala pansi pa mtengo. Palibe amene amati mai uja wadumpha mzere, chifukwa chigubu chake chadikira pamodzi ndi zathu. Ndiye ngati timavomera kuti chigubu chimuimire munthu wamphamvu amene wapita kukaphika, tikanirenji pamene wopempha ndi munthu woti miyendo yake siingathe kuima?

Kuno kwathu amene amapita kutsogolo kwa mzere ali mitundu itatu. Pali wa ndalama, uja amapinda ka K20 m'dzanja n'kupatsa wa pakhomo, ati ya madzi akumwa. Pali wodziwana ndi wamkati, uja amangoimba foni n'kulowera kumbuyo. Ndipo pali wovutika: nkhalamba, mai woyembekezera, woyenda ndi ndodo, wa pa njinga ya olemala, wakhungu. Chondidabwitsa ndi ichi: awiri oyambawo akamadutsa timangong'ung'udza chapansipansi, chifukwa timawaopa. Koma akadutsa wachitatu, makamaka ngati vuto lake silioneka ndi maso, ndiye pakamwa pathu pamatseguka.

Neba wanga wa mu msika, amene amagulitsa repu ndi chibwabwa, ali ndi mnyamata wa zaka 19 wodwala khunyu. Ukamuona ndi chimnyamata, amanyamula thumba la makala yekha. Tsiku lina ndinawaperekeza ku chipatala china kukatenga mankhwala a mwezi. Tinafika kusanache bwino, koma mzere unali utafika kale ku geti. Itakwana cha m'ma 10 koloko dzuwa linayamba kuswa mtengo, mnyamata sanadye kanthu, ndipo mai wake anaona maso ake akusintha. Anamugwira dzanja n'kupita kutsogolo kukapempha. Asanafike n'komwe, bambo wina anakuwa kuti, "Imwe amai, tonse pano ndife odwala! Chimnyamata chonse icho chidwala chani?" Ena anaseka. Neba wanga ndi munthu wamanyazi, anabwerera kumbuyo osayankha. Sipanapite nthawi, mnyamata anagwa pa simenti n'kung'ambika pa chipumi. Pamenepo mzere wonse unapatuka, ndipo bambo yemwe uja ndiye anali woyamba kukuwa kuti, "Mupatseni njira!" Njira inapezeka, koma mwana anachita kuigula ndi magazi.

Pa nkhani ya khunyu ndionjezepo pang'ono, popeza ena tsiku lija anathawa. Khunyu siipatsirana, ngakhale mutakhudza malovu. Munthu akagwa musamuike supuni kapena chala m'kamwa, ndipo musamupanikize. Chotsani zinthu zimene zingamupweteke, muikireni chitenge kumutu, ndipo kugwedezeka kukatha mugonekeni cham'mbali.

Ena amaganiza kuti kupatsa wolemala njira ndi chifundo chabe, chimene tingachite tikadzuka bwino. Ai, boma lathu linazilemba. Dziko la Zambia linavomereza pangano la United Nations la ufulu wa anthu olemala mu 2010, ndipo mu 2012 Nyumba ya Malamulo inakhazikitsa Persons with Disabilities Act, lamulo nambala 6 la chaka chimenecho, loletsa kusala munthu chifukwa cha ulemala. Bungwe la Zambia Agency for Persons with Disabilities, ZAPD, limalembetsa anthu olemala ndi kuwapatsa khadi. Mu 2011 mai Sela Brotherton, m'malo mwa bungwe la Zambia Federation of Disability Organisations, anatengera Electoral Commission of Zambia ku High Court chifukwa malo ambiri oponyera voti sanali ofikirika kwa olemala, ndipo khoti linagamula kuti kumeneko kunali kuwasala. Masiku ano pa tsiku la voti okalamba, oyembekezera ndi olemala amalowa poyamba, ndipo sitidandaula. Nanga bwanji mawa lake pa mzere wa unga timaiwala?

Ndidziwa chimene ena muyankhe mu ma komenti: "Koma ambiri amanama." Zoona, alipo. Tonse tinamuonapo mai wobwereka khanda la neba kuti athandizidwe msanga, kapena bambo wotsimphina pa geti amene akatuluka amathamangira basi. Anthu otere amaononga, monga anachitira aja a ku New York. Koma yesani pa sikelo ngati mmene timayesera nyemba. Mukamulola wonama kudutsa, mwataya mphindi zisanu. Mukamukana wodwala weniweni, akhoza kugwa pa simenti, kapena kubwerera kunyumba wopanda mankhwala n'kusabweranso chifukwa cha manyazi. Mbali yolemera ikuoneka yokha. Ndipo matenda ambiri saoneka: khunyu, sickle cell, mtima, shuga, mwana wa autism amene sangathe kupirira phokoso ndi chigulu cha anthu. Munthu sayenera kuvula matenda ake pamaso pa mzere wonse kuti timumvere chisoni.

Nkhani ya mzere ilimo ndi m'Malemba. Pa Yohane mutu 5 pali munthu amene anadwala zaka 38, ali gone pafupi ndi thamanda la Betesda. Dandaulo lake silinali lakuti madzi kulibe. Linali lakuti analibe womuthandiza kulowa, ndipo nthawi zonse wamphamvu anali kumupitirira. Pa thamanda paja lamulo linali lomweli lathu, woyamba kufika ndiye wopindula, ndipo lamulo limenelo silikanamufikitsa pa madzi. Kutchalitchi kwathu pa Mgonero timandanda bwinobwino kupita ku guwa, koma agogo amene sangathe kuyenda, ansembe amatsika n'kuwapeza pa benchi pawo. Sindinamvepo Mkhristu akunena kuti agogo adumpha mzere. Mtima umene tili nawo Lamulungu, tiutenge Lolemba ku msika.

Ndiye pempho langa ndi ili, ndipo silifuna ndalama. Mukaona munthu pa mzere akuvutika kuima, muuzeni kuti, "Khalani apo pa mthunzi, malo anu ndikusungirani." Inu mukhale chigubu chake. Wina akapempha kudutsa chifukwa cha matenda, musamufunse mafunso ngati wapolisi, ndipo ngati mzere wayamba kumukuwiza, pakhale mmodzi wonena kuti, "Mulekeni adutse." Mawu a munthu mmodzi amatha kuziziritsa gulu. Ife a matebulo tisatseke njira ndi makreti ndi masaka, tisiye mpata woti njinga ya olemala idutse, chifukwa nayenso ndi kasitomala ndipo ndalama yake ndi Kwacha yomweyo. Inu ma kondakitala a ku Chongwe ndi ku tauni, mpando wa pafupi ndi chitseko musungireni woyenda ndi ndodo, ndipo musamulipiritse kawiri chifukwa cha njinga yake. Amene muli ndi wolemala pakhomo, musamubise. Pitani ku ofesi ya Social Welfare ku Chongwe mukafunse za kulembetsa ndi za khadi la ZAPD, kuti pa mzere pepala limulankhulire.

Ndipo inu amene muli ndi ka K20 kopinda m'dzanja, kumbukirani kuti malo amene mwagulawo anali a munthu wina amene anadzuka 04:00. Ine ndadutsa zaka 50, ndipo mawondo ayamba kundiuza kuti tsiku langa lopempha njira likubwera. Lanunso lili m'njira. Chizolowezi chimene tikhazikitse lero pa mizere ya pano pa Silverest ndi chimene tidzachipeze tikadzagwira ndodo.

Mugulitse bwino lero, ndipo Mulungu akusungeni nonse.