Ngati zeze analowa mu jazz, bangwe walakwanji?

Ambirife zeze tinamudziwira ku Sande sukulu, ali m'manja mwa Davide. N'chifukwa chake anzanga amaseka ndikawauza kuti ndimamvera jazz ya zeze wachizungu, uja amati harp.

Chida chimenechi n'chovuta. Chili ndi nsambo 47 ndi zopondera 7, ndipo woimba akafuna kukweza kapena kutsitsa liwu la nsambo amachita kuponda. Poti jazz imasintha makodi mothamanga, ambiri ankati zeze sangaikwanitse. Dorothy Ashby wa ku Detroit anawatsutsa ndi chimbale cha The Jazz Harpist mu 1957, kenako Afro-Harping mu 1968. Alice Coltrane naye anatulutsa Journey in Satchidananda mu 1971.

Ine kwathu ndi ku Chiradzulu, kwawo kwa agogo Giddes Chalamanda. Kummwera kuno jazz si mlendo. Alan Namoko wa ku Thyolo ankakhwatcha banjo, gulu lake n'kumatchedwa Chimvu Jazz, osapempha chilolezo kwa aliyense.

Chimandiwawa ndi bangwe. M'mudzi mwathu mwatsala mkulu mmodzi yekha wodziwa kukunga nsambo zake, ndipo manja ayamba kumunjenjemera. Achinyamata amati n'chida cha pamowa, monga momwe ena ankanenera kuti zeze ndi wa angelo basi.

Inu oimba m'mabandi a pakoleji, kiyibodi siithawa. Tchuthi chikubwerachi pitani kumudzi, mukakhale pamphasa ndi akuluakulu ngati amenewa, mukaphunzire. Kenako mudzamuyese bangwe pambali pa saksofoni, timve.