Kadontho ka thyme m'botolo la ku Kariakoo

Ntchito yanga ndi yosakaniza mafuta onunkhira, ndipo kashopu kanga kali ku Kariakoo, mumzinda wa Dar es Salaam. Ambiri ondigula ndi amayi a geni ochokera ku Mzuzu ndi ku Lilongwe, amene amawoloka pa Songwe kudzapikula zitenje ndi nsapato, n'kutengerako timabotolo ta perefyumu. Pempho lawo silisintha: "Achimwene, mutipatse yokhalitsa." Amakonda fungo lotsekemera, la vanila, la udi, la maluwa a langilangi a ku Comoros. Koma kuno kuyambira Disembala mpaka Febuluwale kutentha kumapitirira madigiri 30, mpweya uli wodzaza chinyontho cha m'nyanja. Fungo lotsekemera likakumana ndi thukuta m'minibasi ya daladala limalemera, mpaka wokhala naye pafupi amamva nseru. Chimene chimalipeputsa ndi thyme.

Thyme ndi kachitsamba kafupi ka timasamba ting'onoting'ono, kamene ambiri amakadziwira mumphika wa nkhuku. Mafuta ake amachokera kwambiri ku Spain, ku Morocco ndi kum'mwera kwa France, kumene kamamera m'mapiri ouma a miyala. Amawatcheza ngati kachasu: nthunzi imadutsa m'masamba, n'kukazizira m'paipi, mafuta n'kuyandama pamwamba pa madzi. Pa makilogalamu 100 a masamba ouma pamatuluka lita imodzi kapena malita awiri basi.

Otchezedwa koyamba amakhala ofiirira, makamaka ngati mgolo wake ndi wachitsulo, ndipo fungo lake ndi laukali, lofika mpaka kummero. Akawatchezanso amayera n'kufatsako. Ukali umenewu umachokera ku thymol, mankhwala amene Caspar Neumann anawapatula koyamba mu 1719, omwenso ali mu Listerine, mankhwala otsukira m'kamwa amene anapangidwa mu 1879 ku America. N'chifukwa chake mayi akanunkhiza botolo losasungunula amakwinya mphuno n'kunena kuti kukununkha kuchipatala. Sanama ayi. Pali mtundu wina wa thyme wokhala ndi linalool wambiri, wofewa ngati lavenda, koma ine ndimasankha waukaliwo, chifukwa wofewawo maluwa amaumeza.

Ndikayamba ntchito ndimatenga gawo limodzi la mafutawa n'kulisungunula m'magawo 99 a spiriti. Kuchokera m'menemo ndi m'mene ndimatapa ndi sirinji, dontho limodzilimodzi, ndikuviika kapepala kopyapyala m'chosakanizacho n'kumanunkhiza. Mphuno ikatopa ndimatuluka panja kaye. Pamakhala malire ake: dontho lina likagwa, vanila amadzuka, langilangi amasiya kumata, fungo lonse limamveka louma ndi laukhondo, ngati la munthu amene wangosamba kumene. Kuwonjezera dontho lina pamenepo, zonse zimasanduka mankhwala a mano. Wogula akanena kuti "muli thyme umu", ndiye kuti wachuluka. Ayenera kungomva kuti perefyumuyo sakumutopetsa.

Thyme amagwirizana bwino ndi mandimu, lavenda ndi vetiver, makamaka m'maperefyumu a abambo. Ndi kalafuu wa ku Pemba m'pofunika kusamala. Onse awiri ndi otentha, onse amayabwa pakhungu akachuluka, ndipo ukawaphatikiza mosayeza amalimbana m'botolo. Ndikaika kalafuu, thyme ndimamuchepetsa ndi theka.

Chimene chimandipweteka mtima ndi mafuta achinyengo. Ena amathira mafuta a paini ndi thymol wa kufakitale n'kulemba pa botolo kuti thyme woyera. Pa kapepala amayamba mwamphamvu, koma pakangopita kanthawi amatsala fungo la mankhwala okolopera. Thyme weniweni amatsika pang'onopang'ono, n'kusiya kafungo ka udzu wouma ndi utsi pang'ono. Palinso anyamata amene amathira mafuta osasungunula m'timabotolo topaka pakhosi. Khungu la mwana wa mwini likatupa, dzina limene limaipa ndi la tonsefe.

Ndikatha kusakaniza ndimatseka botolo n'kuliika m'kabati ya mdima masabata angapo kuti zinthu zigwirane. Amayi a geni kudikira kumeneku sakukonda, chifukwa basi yawo sidikira munthu, choncho ndimakonzeratu katundu wawo asanafike. Polongedza ndimawauza kuti mabotolo awaike pakati pa zitenje, asawasiye pawindo, chifukwa ulendo wobwerera kwawo kudzera ku Mbeya ndi wautali ndipo dzuwa limayamba kupha mandimu, thyme n'kutsala yekha pamwamba.