Seva inakana kudzuka m'nyengo yogula nsawa

Ntchito yanga ndi yosamalira makompyuta pa bungwe lina la alimi kuno ku Chipata. Timagula nsawa ndi soya kwa mamembala athu a ku Kasenengwa, Chipangali ndi mbali ya ku Chadiza, n'kudzagulitsa pamodzi mtengo ukakwera. Mlimi akabweretsa matumba, alembi amayeza pa sikelo n'kulemba dzina, makilo ndi mtengo mu pulogalamu imene imakhala pa seva ku ofesi m'tauni. Ndalama timatumiza pa Airtel Money kapena MTN potsatira zimene zili m'sevamo. Seva ikagona, palibe wolandira ndalama. Mu 2024 inagona ndithu, ndipo umboni wanga ndi wa momwe inadzukira.

Chaka chimenecho mvula inathawa mbewu zisanakhwime. Pa 29 Febuluwale Pulezidenti Hakainde Hichilema analengeza kuti chilala chasanduka tsoka la dziko lonse. Madzi a ku Kariba anatsika, ndipo mu Malichi magetsi anayamba kuzimitsidwa maola 8 pa tsiku, kenako maolawo anangonka nawonjezeka. Seva yathu yakale inkazima ndi kuyaka mosayembekezeka, batire yake itatopa kale, mpaka disiki inafa pakati penipeni pa nyengo yogula. Alimi ambiri anali atakolola theka la zimene amakolola nthawi zonse, ena osafika n'komwe, ndiye tindalama ta matumba ochepawo ndi timene ankati agulire chimanga chodya.

Zolemba sizinatayike. Usiku uliwonse seva inkakopera nkhokwe yonse ya mayina ndi makilo, ndipo amsungichuma ankasunga kope lina pa fulashi. Tinagula kompyuta ina yogwiritsidwapo kale ntchito, ine n'kuikamo Ubuntu 22.04, Tomcat 9 ndi PostgreSQL. Mnyamata amene analemba pulogalamuyo amakhala ku Lusaka, ndipo chifukwa fayilo yakale ya pulogalamuyo inapita ndi disiki, ananditumizira yatsopano imene anali atangoikonza kumene. Ndinabwezeretsa zolemba, ndinaika fayilo pamalo pake, ndinayatsa Tomcat. Kompyuta inanena ndi zilembo zobiriwira kuti Tomcat ikuyenda. Nditatsegula tsamba lolowera, panangobwera 404, kutanthauza kuti palibe chilichonse pamalopo.

Apa ndi pamene munthu amasokonezeka, chifukwa zonse ziwiri zinali zoona. Tomcat inali moyo, koma pulogalamu imene inayenera kuinyamula inali itafera pakhomo. Ndinatsegula log, buku limene seva imalembamo zonse zimene zikuichitikira. Mizere yomaliza inkati "One or more listeners failed to start" ndiponso kuti pulogalamu yalephera kuyamba chifukwa cha zolakwika zam'mbuyo. Mawu amenewo sauza munthu chimene chalakwika, amangoti pita ukaone kumwamba. Ambiri a ife timawerenga log kuchokera pansi chifukwa ndi pamene maso amayambira kugwera, ndipo timakopera mzere womalizawo n'kukaufunsa pa intaneti, kumene mayankho ake ndi ankhaninkhani ndiponso osagwirizana. Vuto lenileni limakhala pa cholakwika choyamba. Zotsatirazo ndi ana ake chabe.

Nditakwera m'mwamba ndinapeza mawu akuti UnsupportedClassVersionError, ndi nambala ziwiri: fayilo inali ya 61.0, pamene Java ya pa seva imadziwa mpaka 55.0 basi. Nambala zimenezi zili ndi kawerengedwe kophweka. Ukachotsa 44 umapeza mtundu wa Java. Choncho 52 ndi Java 8 ya mu 2014, 55 ndi Java 11 ya mu 2018, 61 ndi Java 17 ya mu 2021, ndipo 65 ndi Java 21 ya mu 2023. Mnyamata wa ku Lusaka anamanga pulogalamu yake ndi Java 17 pa laputopu yake, pamene Ubuntu 22.04 ukaipempha Java osatchula nambala imakupatsa 11. Java yatsopano imatha kuyendetsa fayilo yomangidwa ndi yakale, koma yakale siiyesa n'komwe ya yatsopano. Imayang'ana nambala ili kumutu kwa fayilo, ikaona kuti yaipitirira imakana pomwepo.

Kunja zinthu zinali zitayamba kutentha. Alimi amene anasiya matumba awo ankabwera ndi malisiti olembedwa pamanja, ena atakwera njinga mtunda wautali, n'kumabwerera opanda kanthu. Mphekesera inafalikira kuti a ku ofesi adya ndalama ndipo akunamizira kompyuta. Mavenda anaima pafupi ndi malo athu ogulira ndi masikelo awo, ndalama zili m'manja, mtengo wotsika. Sindingamunene mlimi amene anawagulitsa, ana kunyumba sadya lisiti. Amayi apampando wa bungwe anandiitana mu ofesi yawo n'kutseka chitseko.

"Mwana wanga, undiuze zoona. Mayina a anthu apita?"

"Ayi amayi, onse alipo. Ndawawerenga ndekha m'nkhokwe. Chatsala ndi khomo lolowera."

"Nanga khomolo litseguka liti? Ine ndikawauze chiyani anthu?"

Ndinawapempha kuti asalonjeze tsiku, koma aitane nthumwi ziwiri za alimi zidzaone zokha. Zitabwera ndinatsegula nkhokwe mwachindunji, popanda pulogalamu ija, n'kuzionetsa mayina awo ndi makilo awo pa zilembo zoyera pa galasi lakuda. Mdala wina anaona dzina la mkazi wake ndi matumba ake, anagwedeza mutu n'kunena kuti akauza anzake. Zimenezo zinatigulira mpata wopuma.

Magetsi ankabwera usiku, ndiye ndinkagona ku ofesi. Ndinatsitsa Java 17 ndi bandulo ya pa foni, ndinaisankha kuti ikhale yoyamba, ndipo nditalemba java -version inayankha bwinobwino kuti 17. Ndinayatsanso Tomcat ndili ndi chimwemwe. Uthenga unabwera womwewo, 61 ndi 55, osasintha ngakhale chilembo. Pamenepa mtima unagwa kuposa poyamba, chifukwa ndinali nditachita chimene uthengawo unkafuna, koma seva inkalankhula ngati sindinakhudze kalikonse.

Safunsa anadya phula. Ndinaimbira mnzanga wina wa ku tchalitchi amene amagwira ntchito ndi DHIS2, pulogalamu ya ziwerengero za zaumoyo imene inachokera ku yunivesite ya Oslo ndipo imagwiritsidwa ntchito kuno ku Zambia ndi ku Malawi komwe. Nayonso imakhala pa Java, Tomcat ndi PostgreSQL, ndipo mtundu wake wa 41, umene unatuluka chaka chomwecho, umafuna Java 17. Anandimvetsera mpaka kumapeto, kenako anafunsa:

"Achimwene, 17 imene mwaionayo ndi ya ndani? Yanu kapena ya Tomcat?"

Funso limenelo ndi limene linamasula mfundo. Ukalemba lamulo pa kompyuta, imayankha ndi Java imene yaikidwira iweyo monga wolemba malamulo. Tomcat siidutsa njira imeneyo. Imayatsidwa ndi pulogalamu ina yotchedwa systemd kompyuta ikamayaka, ndipo imafunafuna Java yake payokha, m'mafoda amene inauzidwa kale. Ma Java awiri anali m'makina amodzi, ine ndikulankhula ndi wina, Tomcat ikugwira ntchito ndi winayo. Mnzangayo anandiuza kuti ndiwerenge mizere yoyambirira imene Tomcat imalemba ikangodzuka. Pamenepo imanena yokha poyera: Java Home, n'kutchula foda, JVM Version, n'kutchula nambala. Inali 11. Mizere imeneyo inalipo kuyambira tsiku loyamba, ikudutsa mofulumira pagalasi. Ndinatsegula fayilo ya /etc/default/tomcat9, ndinalemba JAVA_HOME kuloza ku foda ya Java 17, ndinayatsanso. Nambala ziwiri zija zinazimiririka.

M'malo mwake munabwera china: "The authentication type 10 is not supported." Ndinaseka ndekha mu ofesi usiku, koma kunali kuseka kwa munthu amene waona kuti akuyenda. Uthenga ukasintha ndiye kuti khomo limodzi latseguka ndipo wafika pa lachiwiri. Tsopano pulogalamu inkadzuka n'kukagogoda ku nkhokwe ya zolemba, koma zinkalephera kumvana pa nkhani ya pasiwedi. Nkhokwe ya pa seva yakale inali ya PostgreSQL 12, imene inkabisa mapasiwedi ndi njira ya md5. Ubuntu 22.04 imabwera ndi PostgreSQL 14, ndipo kuyambira pa 14 njira imene imasankhidwa yokha ndi scram-sha-256, yolimba kwambiri. Kafayilo kolumikiza Java ndi PostgreSQL, kamene timati driver, kanayamba kudziwa njira yatsopanoyo pa mtundu wa 42.2.0 mu 2018. M'pulogalamu yathu munali kakale kuposa pamenepo. Mnyamata uja anakweza Java koma driver anaisiya momwe inalili, ndipo kwa iye zinkayenda chifukwa nkhokwe ya pa laputopu yake inali yakale. N'chimodzimodzi ndi chigayo: ukagula injini yatsopano koma lamba n'kukhala wa muyezo wakale, injini ilira bwino, ufa osatuluka.

Apa panali mayesero, ndipo ndi gawo limene ndimalikumbukira kwambiri. Pali fayilo yotchedwa pg_hba.conf. Ukalembamo mawu akuti trust, nkhokwe imasiya kufunsa pasiwedi kwa aliyense wolowera pa njira imeneyo, ndipo vuto limaoneka ngati latha nthawi yomweyo. Pa intaneti anthu ambiri amalangiza zimenezo. Inali pakati pa usiku, alimi akudikira, ndipo palibe akanadziwa. Koma m'nkhokwemo muli mayina, nambala za ma NRC, nambala za foni ndi ndalama za anthu mazanamazana, ndipo ndaona kuti chinthu chimene munthu wachiika ponena kuti n'cha lero lokha chimakhala zaka. Kubwerera ku md5 kukanakhala kwabwinoko, komabe kunali kutsitsa chitetezo kuti chifanane ndi kafayilo kokalamba. Ndinatumiza uthenga kwa mnyamata wa ku Lusaka, ndi mzere wa cholakwika, dzina la driver imene ndinaipeza m'fayilo yake, ndi mitundu ya zonse zimene zinali pa seva. Mam'mawa anayankha kuti wamva, ndipo dzuwa lisanafike paliwombo anatumiza fayilo ina yokhala ndi driver yatsopano.

Ndinene pang'ono za uphungu wina umene ndinalandira masiku amenewo kuchokera kwa anthu ofuna kuthandiza. Ankati ndifufute zonse, ndiike Ubuntu 24.04 imene inali itangotuluka mu Epulo, chifukwa chatsopano chimakhala chabwino. Ndikanatero ndikanakumba dzenje lina. Ubuntu 24.04 imabwera ndi Tomcat 10, ndipo pakati pa 9 ndi 10 pali mpata waukulu. Kampani ya Oracle itapereka Java EE ku Eclipse Foundation mu 2017, dzina lakuti javax silinaloledwe kupitiriza kukula m'manja mwatsopanomo, ndiye zonse zinasamukira ku dzina lakuti jakarta. Tomcat 10 imadziwa jakarta, pamene pulogalamu yathu inalembedwa ndi javax. Ikanakana kudzuka, kapena ikanangopereka 404 popanda kufotokoza zambiri. Pa seva sitifunafuna chatsopano kwambiri ayi. Timafuna zinthu zinayi kapena zisanu zimene zimadziwana.

Fayilo yachitatuyo inadzuka. Log inadutsa yonse popanda cholakwika, ndipo tsamba lolowera linaoneka ndi chizindikiro cha bungwe lathu. Sindinauze aliyense msanga. Ndinazimitsa kompyuta yonse n'kuiyatsanso, kuti ndione ngati ingadzuke yokha magetsi akathawa ndi kubwera, popeza ndi moyo umene inkayenera kukhala nawo. Inadzuka. Ndinatenga malisiti angapo olembedwa disiki isanafe n'kufananiza ndi zimene zinali m'kati, makilo anagwirizana. Ndipamene ndinakagogoda kwa amayi apampando. Anabwera, anaona, anagwada pomwepo pakati pa mawaya n'kupemphera, ine ndi amsungichuma titaweramitsa mitu. Ndimakhulupirira kuti Mulungu anatithandiza, ndipo thandizo lake linadzera mwa mnzanga amene anayankha foni usiku ndi fulashi imene amsungichuma sanaiwale.

Alembi anakhala masiku otsatira akulowetsa malisiti onse olembedwa pamanja pamene seva inali itagona, ndipo ndalama zinayamba kulira m'mafoni a alimi. Ena amene anagulitsa kwa mavenda sanabwererenso chaka chimenecho, ndipo matumba amenewo tinawataya basi.

Tsopano pakhoma pamwamba pa seva pali pepala lolembedwa ndi cholembera chachikulu: Ubuntu 22.04, Java 17, Tomcat 9, PostgreSQL 14, nambala ya driver, ndi fayilo imene muli JAVA_HOME. Kope lina lili pa fulashi pamodzi ndi zolemba, ndipo fayilo ya pulogalamu nayonso timaisunga pomwepo, osati mayina ndi makilo okha. Mnyamata wa ku Lusaka tinagwirizana naye kuti chilichonse chimene watumiza azilemba kuti wachimanga ndi Java iti. Komiti inavomera kugula batire ndi sola ya seva yokha. Chithandizo cha nthawi zonse cha Ubuntu 22.04 chidzatha mu 2027, choncho kusamukira ku jakarta sitingakuthawe. Tayamba kale kuyesa pa kompyuta ina yakale imene ilibe mayina a anthu, ndipo tidzasamuka m'miyezi ya mvula, pamene sikelo ili pa msomali.