Khasu Masana, Kompyuta Usiku

Mgodi wa uranium wa Kayelekera, m'boma la Karonga, utaimitsa ntchito m'chaka cha 2014 chifukwa cha kutsika kwa mitengo, bambo wina amene ankalemba mapulogalamu a kompyuta kumeneko anabwerera kwawo ku Kaporo kukalima. Anansi anamuseka pomuona m'matope akuwokera mpunga wa Kilombero, koma iye sanayankhe. Chimene chinkamuwawa n'chakuti alimi anzake ankaberedwa ndi mavenda, popeza malonda onse ankangowasunga m'mutu. Tsono usiku uliwonse ankakhala pa kompyuta yake yakale, kufikira anakonza kapulogalamu kolembera matumba, mitengo ndi ngongole pa foni. Sikanamulemeretse, komabe omuseka aja ndiwo amagogoda pakhomo pake nyengo yokolola ikafika. Ntchito ya mwini imatha, luso silitha.