Za ndege, mabwato ndi banyira

Kuno kugombe la kumadzulo kwa nyanja ya Chilwa, anthu amene anakwerapo ndege m'zaka zaposachedwa mutha kuwawerenga ndi zala. Komabe nkhani ya ndege si yachilendo monga mmene anzathu a m'tauni amaganizira. M'midzi ya kwa Mwambo ndi kwa Kuntumanji mukadali nkhalamba zingapo zimene zinauluka ife tisanabadwe, nthawi ya Wenela. Kampani imeneyi inkalemba amuna ntchito ya m'migodi ya ku Joni, n'kuwanyamula pa ndege zake kuchokera ku Chileka kukawatula ku Francistown m'dziko la Botswana, komwe ankakwera sitima. Ena anapita kawiri, ena katatu kapena kuposa apo. Ngati pali anthu oyamba m'dziko muno oyenera kutchedwa okwera ndege kawirikawiri, ndi amenewa, osati ife a mataye.

Mukawafunsa za chisamaliro cha m'ndegemo amangoseka. Gogo wina anandiyankha kuti, “Mwana wanga, kodi thumba la chimanga amalifunsa ngati lakhala bwino m'galimoto?” Ulendo umenewu unaduka mwachisoni. Pa 4 April 1974 ndege ya Wenela inagwa itangonyamuka ku Francistown, amuna a ku Malawi oposa 70 anafera pomwepo, ndipo Dr Kamuzu Banda analetsa kampaniyo kulemba anthu ntchito m'dziko muno.

Wokwera wa Wenela analibe chosankha. Wokwera wa lero ali nacho, ndipo apa ndi pamene pagona nkhani yanga. Air Malawi inabadwa mu 1964 pamodzi ndi ufulu wathu. M'zaka za m'ma 1970 inali ndi ndege ya VC10 yofika mpaka ku London, ndipo ife tili ana a sukulu m'zaka za m'ma 1990 tinkanyadira Boeing 737 yotchedwa Kwacha ngakhale tinali tisanaione ndi maso. Kenaka ngongole zinaimanga, zokambirana zoigulitsa kwa South African Airways komanso kwa Comair sizinaphule kanthu, ndipo pofika 2013 inali itatsekedwa. Mu January 2014 kampani yatsopano inayamba kuuluka, boma lili ndi magawo 51 pa 100 alionse, Ethiopian Airlines ili ndi 49. Imeneyi ndi imene lero tikuitcha Malawi Airlines. Ndalama zimatha kugula ndege ina m'miyezi yochepa. Koma wokwera amene anataya chikhulupiriro n'kuzolowera kwina, kumubweza ndi ntchito ya mtundu wina.

Ine ndine wogwira ntchito m'boma, ndipo ndege ndimakwera mwa apo ndi apo, akandituma ku maphunziro kunja pa tikiti yolipira ena. Chimene ndimakwera pafupifupi sabata iliyonse ndi bwato la pa Kachulu, popita ku chilumba cha Chisi. Choncho za kukopa wokwera ndaphunzira zambiri pa doko kusiyana ndi pa bwalo la ndege.

Nyanja yathuyi ili ndi khalidwe lake. Inauma mu 1968, inaumanso mu 1995, ndipo mu 2018 tinaona ndi maso mabwato atagona pamatope ong'ambika, anthu akupita ku Chisi wapansi kapena pa njinga. Madzi atabwerera ndi mvula yamphamvu ya mu 2019, eni mabwato anayambiranso ngati atsopano. Okwera akale anali atabalalika, ena atasamuka, ena atapalana ubwenzi ndi anyamata a kabaza. Makampani a ndege anaona zofanana ndi zimenezi chaka chotsatira, pamene mliri wa Covid-19 unatseketsa maulendo a ndege m'dziko muno kuyambira April mpaka September 2020.

Pa doko mtengo umakhala umodzi, madzi ndi omwewo, ngakhale mabwato sasiyana kwenikweni. Komabe pali bambo wina amene bwato lake limayamba kudzaza. Kwa nthawi yaitali ndinkadabwa kuti amadya mankhwala anji, chifukwa si munthu wansangala kwambiri, ndipo bwato lake si lokongola kuposa ena. Tsiku lina nditafika m'mawa ndili pachangu anandiuza kuti, “Abwana, ife sitinyamuka msanga lero, tikudikira matumba a chimanga ochokera ku Jali. Ngati muli ndi msonkhano kwerani la mnzangalo.” Tsiku limenelo ndalama yanga inapita kwa wina. Masiku ena onse kuchokera pamenepo yakhala ikupita kwa iye, chifukwa akati tinyamuka dzuwa likafika apa, ndimadziwa kuti sakundinyengerera kuti ndingokhala pathabwa ngati nyambo yokopera okwera ena. Amene munakwerapo minibasi yodzaza ndi anthu onamizira ulendo mukudziwa chimene ndikunena.

Chaka china ndikuchokera ku maphunziro ndinakhala maola asanu pa bwalo lina la ndege kunja kwa dziko lino, kudikira ndege ya kampani ina. Nthawi yonyamuka inakwana n'kudutsa, pakauntala popanda munthu. Amene tinkamufunsa ankangoti tidikire pang'ono. Pakati pathu panali gogo wamkazi wochokera kokaona mwana wake, wosamva Chingerezi, amene ankangoimirira nthawi iliyonse chimkuzamawu chikalankhula poopa kusiyidwa. Titakwera, atsikana a m'ndege anatilandira ndi kumwetulira kwabwino, n'kutipatsa buledi ndi zakumwa, koma palibe amene anatchula za maola asanu aja. Zinali ngati tinawalota.

Pampando woyandikana nane panakhala mayi wina wabizinesi, wa iwo amene amakaoda zovala ndi nsapato kunja mwezi ndi mwezi. Anatulutsa kakhadi m'chikwama n'kundionetsa. “Achimwene, mukaone aka. Muli maulendo anga a zaka zinayi. Koma lero ndi lomaliza. Kuchedwa ndinazolowera, ndege ndi makina, imawonongeka. Chimene chikundiwawa n'choti atiyesa ana.”

Kakhadi kaja ndi njira imene makampani a ndege anatulukira yomangira wokwera kuti asapite kwina. Inatchuka kuyambira mu 1981 pamene American Airlines inayambitsa ndondomeko yake, ndipo lero pafupifupi kampani iliyonse yaikulu ili ndi yake. Ya Ethiopian Airlines imatchedwa ShebaMiles. Ukamauluka amakuwerengera mtunda, mtundawo ukachuluka amakupatsa tikiti yaulere, kapena chilolezo chonyamula katundu woonjezera, kapena malo odikirira a mipando yofewa. M'chinenero cha pamsika imeneyi ndi banyira basi. Amayi ogulitsa matemba pa Kachulu anaidziwa kale American Airlines isanaganize: kasitomala wa masiku onse amamuonjezera kadzanja pamwamba pa mbale. Koma amayi omwewo adzakuuzani kuti banyira amasangalatsa munthu amene wakhutira kale ndi nsomba. Ukamugulitsa zowola kamodzi n'kukana kuvomera kuti zinali zowola, ngakhale umulonjeze mbale yathunthu yaulere, mawa adzakudutsa ngati sakukudziwa.

Palinso funso loti wokwera wa kawirikawiri ndi ndani. Ife a boma ndi a mabungwe timaoneka kwambiri pa Chileka ndi pa Kamuzu International Airport ndi majekete athu, koma kunena zoona ambiri mwa ife sitisankha ndege. Amasankha ndi a ofesi yogula zinthu, ife timangolandira tikiti ndi alawansi. Wosankha weniweni ndi mayi uja wolipira za m'thumba mwake, ndi mnyamata wogwira ntchito ku Johannesburg amene akuyerekeza maola awiri a mumlengalenga ndi ulendo wa basi woposa tsiku lathunthu kudzera ku Mwanza, Tete, Nyamapanda ndi Beitbridge, ndiponso banja limene likuperekeza wodwala ku chipatala cha kunja. Anthu amenewa vinyo wa m'ndege alibe naye ntchito kwenikweni. Akufuna kudziwa ngati chikwama chifike tsiku lomwelo chili chosang'ambika, ndipo ngati sichifika, ndani awayankhe ndi dzina lake. Chitsikireni mphamvu ya kwacha ndi 44 peresenti mu November 2023, tikiti ya ndege ndi ndalama yoti munthu amaiganizira usiku wonse, ndipo akaipereka ku kampani yakunja phindu lake limatuluka m'dziko lomwe likusowa kale ndalama zakunja. Choncho wokwera mmodzi akathawa kampani ya dziko lake, wotaya si kampani yokha.

Za chakudya sindinena zambiri, poti ulendo wa maola awiri si ukwati. Ndingoti zimandisangalatsa ndikaona kampani ya dziko lina ikupatsa alendo zinthu za kwawo mosachita manyazi, ndipo ndimaganiza za mpunga wa ku Likangala kuno, tiyi wa ku Thyolo, khofi wa ku Mzuzu ndi mtedza wathu. Mlendo ndi mame, amati akuluakulu, ndiye kanthawi kochepa kamene ali m'manja mwako mpatse choti akakumbukire.

Chimene ndimachiona chachikulu m'kati mwa ndege ndi pakamwa. Munthu wa m'ndege amaphunzitsidwa choyamba za chitetezo, kuti zinthu zikavuta atulutse anthu msanga, ndipo ntchito imeneyi imadalira kuti wokwera amve zimene akuuzidwa. Nanga gogo uja akanamva chiyani? Pa ulendo uliwonse wobwera kapena wochoka ku Malawi pamayenera kukhala wina wotha kugwada pambali pa mpando n'kunena kuti, “Agogo, mangani lamba chonchi, ndege igwedezeka pang'ono koma musaope.” Mawu oterewa sadya mafuta a ndege. Chimodzimodzinso woyendetsa ndege akanena poyera kuti tachedwa chifukwa chakuti, tipepese, ndipo amene muli ndi ndege ina kutsogolo tikuthandizani motere, mkwiyo wa anthu umatsika ngati thovu la mowa.

Koma tisafulumire kuloza chala atsikana ndi anyamata a m'ndege. Ife a m'boma tikudziwa kuwawa kwa kuima pamaso pa anthu ulibe yankho chifukwa akuluakulu sanakuuze kanthu, kapena yankho uli nalo koma ulibe mphamvu yochitapo kanthu popanda siginecha ya bwana amene ali ku msonkhano ku Mangochi. Munthu wotere amabisala kuseri kwa kumwetulira. Mwini bwato uja amatha kunena zoona chifukwa bwato ndi lake, ndipo akaganiza zokhululukira mayi wodwala mtengo wa ulendo safunsa munthu. Kampani yofuna kuti antchito ake azisamala okwera ngati iye, iyenera kuyamba yawauza zoona antchitowo, n'kuwapatsa kamphamvu kothetsera mavuto ang'onoang'ono pomwepo, wokwera asanatsike ndi mkwiyo wake kukaufalitsa pa Facebook.

Makampani a ndege ali ndi mwayi umene mwini bwato alibe. M'makompyuta awo muli dzina la wokwera aliyense, nambala yake ya foni, mpando umene amaukonda ndi tsiku limene anauluka komaliza. Mayi wabizinesi uja atasiya kukwera, kompyuta inadziwa mwezi wotsatira womwewo. Ndimalakalaka nditadziwa kuti wina anamuimbira foni kumufunsa chimene chinalakwika, osati kungomutumizira uthenga wa mitengo yotsitsa umene amatumizira aliyense.

Bambo wa bwato uja sadziwa kulemba bwino, koma okwera ake ali m'mutu. Nthawi ina anazindikira kuti mphunzitsi wina wa ku Chisi, amene ankawoloka naye kumapeto kwa mwezi uliwonse, wayamba kukwera bwato lina. Sanamuime panjira. Anatuma mlamu wake kuti akafunse mwaulemu ngati panali mawu amene anawalakwira aphunzitsi. Yankho linabwera loti mawu panalibe, koma kawiri konse makope a ana anafika kutsidya atanyowa ndi madzi olowa pansi pa bwato, ndipo aphunzitsiwo anachita manyazi kudandaula. Sabata yomweyo bamboyo anamata phula pamene pankadontha, anakhoma timatabwa tiwiri tokweza katundu, n'kugula pepala lalikulu la pulasitiki pa msika wa Jali. Mwezi utatha aphunzitsi anatulukira pa doko ndi katoni ya makope pamutu, ndipo iye anangoti, “Aphunzitsi, bweretsani kuno katoniyo, malo ake ndi awa.”