Ndinasunga kanjoka kuchipinda, mudzi nkumati ndakhwima

"Njoka! Njoka!" Anakuwa anali mng'ono wanga, m'mawa wina wa mu Marichi 2023, tikupachika fodya m'chigafa kwathu kufupi ndi Chinkhoma, ku Kasungu. Aganyu awiri anali atatola kale mikangala kuti aphwanye mutu. Ine ndinawaletsa. Pansi pa chisaka chakale panali patadzipinda kanjoka kotalika ngati rula ya kusukulu, kabulauni, konyezimira, kokhala ndi timizere tiwiri toyererako mbali iliyonse ya mutu. Ndinakazindikira. Kanali kamwana ka chakusa, njoka yopanda ululu imene imakonda kukhala pafupi ndi nyumba za anthu chifukwa chofuna makoswe.

"Achimwene, mwana wa njoka ndi njoka," anatero mng'ono wangayo. Sindinamuyankhe. Ndinakakankhira ndi kamtengo m'chidebe nkuvindikira.

Mwina mukudabwa kuti mnyamata wa ku Kasungu mantha a njoka anawataya kuti. Ndinawataya ku Joni. Ndinakhalako zaka zitatu ndikugwira ntchito m'sitolo ina yogulitsa ziweto ku Johannesburg. Ntchito yanga inali kukolopa, kutsuka mabokosi agalasi ndi kudyetsa mbalame, akalulu ndi njoka. Tsiku loyamba ndinafuna kusiya, koma lendi sadikira munthu. Njoka imene inkayenda malonda kwambiri ndi corn snake. Kwawo kwenikweni ndi kum'mwera chakum'mawa kwa America, ndipo ena amati dzinali linabwera chifukwa inkapezeka m'nkhokwe za chimanga ikusaka mbewa. Ilibe ululu. Ikamaswa imakhala ya masentimita pafupifupi 30, ikakula imapitirira mita, ndipo yosamalidwa bwino imatha zaka 15 ngakhale 20. Makolo ankagulira ana awo ngati mmene ife timagulira mwana kamwanapiye.

Patangotha masabata awiri, makolo omwewo ankabwerera nkhope zili gwa. Eti njoka yathu sikutuluka, yangobisala. Eti maso achita buluu, yachita khungu. Eti ikugwedeza mchira ngati ikufuna kuluma. Bwana wanga ankangomwetulira nkuwafotokozera, ine ndili pambali ndi mopu, khutu lili tcheru. Ndimo mmene ndinaphunzirira kuti zambiri zimene zimaopsa mwini kanjoka kakang'ono si matenda ayi, ndi khalidwe lake. Kanjoka kakang'ono n'chakudya cha mbalame, amphaka ndi njoka zinzake, choncho kubisala ndiye moyo wake. Kugwedeza mchira, kudzipinda ngati kakufuna kujompha, ngakhale kutulutsa fungo loipa ukakagwira, onsewo ndi mantha chabe.

Nditabwerera kumudzi bambo atamwalira, njoka ndinkazisowa, ngakhale sindikanauza munthu. Choncho nditaona kachakusa kaja, mtima unanditsogolera nzeru zikubwera pambuyo. Ndinapeza chibokosi chapulasitiki chokhala ndi chivindikiro cholimba, ndinachiboola timabowo ndi msomali wotentha, pansi ndinayala manyuzipepala, nkuikamo phale lofudikiza loti kazibisalamo ndi kambale ka madzi. Chibokosicho chinapita kunsi kwa bedi. Amene ankadziwa anali mng'ono wanga yekha, ndipo pakamwa pake ndinapatseka ndi bandulo ya intaneti.

Vuto loyamba linali chakudya. Ku Joni kamwana ka corn snake tinkakapatsa kamwana kambewa kopanda ubweya kamodzi pa masiku 5 mpaka 7. Ndinauza ana okumba mbewa kuti akapeza tiana azindibweretsera. Kanjoka kanga kanakana. Sabata yoyamba sindinadandaule, chifukwa njoka yosamutsidwa kumene imafuna masiku angapo osasokonezedwa. Sabata yachiwiri kanakananso. Yachitatu tulo tinayamba kundisowa. Nditafufuza pafoni ndinapeza pamene ndinalakwitsa: chakusa akadali wamng'ono amakonda abuluzi ndi analimata, makoswe amayamba akakula. Ndinkadyetsa njoka ya ku Kasungu ndi nzeru za njoka ya ku America. Usiku umenewo ndinagwira kanalimata pakhoma nkukaponyamo. Mmene kunkacha kanalibemo, ndipo pamimba pa kanjoka panali potupa pang'ono. Ndinasangalala ngati ndakhoza mayeso.

Chisangalalo chomwecho chinandipusitsa. Tsiku lina katangodya ndinakatulutsa kuti ndikajambule. M'mawa mwake ndinapeza katabweza chakudya chonse, chipinda chikununkha. Ndinkadziwa bwino lomwe kuti njoka ikadya imafunika masiku awiri osagwidwa, koma ndinkafuna chithunzi. Njoka ikabweza sumathamangira kuipatsa china. Umaisiya pafupifupi masabata awiri kuti m'mimba mukhazikike, kenako nkuyamba ndi chakudya chaching'ono. Ikabwezanso kachiwiri kapena kachitatu, imeneyo ndi nkhani ya dokotala wa ziweto.

Kumapeto kwa Epulo maso ake anachita mbuu ngati muli mkaka, khungu linazimirira, ndipo kanasiyanso kudya. Mng'ono wanga anati kafa basi. Apa pokha ndinali ndi mtima m'malo. Njoka ilibe zikope. Diso lake limaphimbidwa ndi kakhungu koonekera, ndipo ikatsala pang'ono kufundula pamalowa madzi pakati pa khungu lakale ndi latsopano. Pakapita masiku ochepa maso amayeranso, kenako patapita masiku ena ochepa imavula khungu lonse kuyambira kumphuno, ngati sokosi. Ndinaika kansalu konyowa pansi pa phale kuti mukhale chinyezi. Katafundula ndinayang'ana khungulo bwinobwino ngati tizivindikiro ta maso tachoka komanso ngati kunsonga ya mchira sikunatsale kanthu, chifukwa khungu lotsalira kumchira limamanga ngati mphira mpaka nsongayo kufa.

Zonsezi zikuchitika, fodya wathu anali atapita ku okushoni ku Chinkhoma. Chaka chimenecho anayenda bwino. Tinali titathira feteleza pa nthawi yake, ndipo amayi anasankha masamba mosamala kuposa kale. Tinafolera nyumba ndi malata, ine nkugula njinga yamoto yakale. Ndiye tsiku lina mu Juni agogo analowa kuchipinda kwanga kukafuna lichero, nkukoka chibokosi chija.

Sanakuwe. Nditabwera madzulo ndinawapeza atakhala pakhonde, manja ali m'masaya.

"Amuna anga," anatero, monga amandiitanira chiyambire ndili khanda, koma tsiku limenelo munalibe nthabwala m'mawu awo. "Ku Joni kuja munakatengako chiyani? Mwapereka ndani?"

Poyamba sindinamve. Kenako zinandilowa. Mnyamata wachokera kunja, bambo ake amwalira, fodya wayenda, malata awala, ndipo kunsi kwa bedi kuli njoka. Kwathu kuno nkhani yotere imadzimaliza yokha. Pasanathe sabata, pachitsime ankati ndinakhwima, njokayo ndi chizimba, imasanza ndalama usiku. Ena anafika ponena kuti imfa ya bambo inali mtengo wake. Aganyu aja anasiya kubwera. Chibwenzi changa, mtsikana amene tinali titayamba kukamba za chinkhoswe, chinayamba kuyankha mauthenga ndi mawu amodziamodzi. Chimene chinandipweteka koposa n'chakuti amayi anasiya kupita kumsonkhano wa banki m'khonde chifukwa cha maso a anthu.

Mwezi womwewo kanjoka kanadwaladi. Amene anakhalako ku Kasungu mu Juni ndi Julaye akudziwa mphepo yake ya m'bandakucha. Njoka siipanga kutentha m'thupi mwake, imadalira malo. Ku Joni pansi pa bokosi lililonse panali kachipangizo kamagetsi kofunditsa mbali imodzi mpaka madigiri 28 kapena 30, mbali inayo nkukhala yozizirirako kuti njoka izisankha yokha. Ine ndinali ndi kasola koyatsira babu limodzi ndi kutchajira foni. Kutchire chakusa akanalowa m'una kapena pansi pa mulu wa zinyalala pofunda, koma ine ndinali nditamutsekera m'pulasitiki pa simenti yozizira. Kusadya m'nyengo yozizira sikunandidetse nkhawa, njoka zambiri zimatero. Chinandiopsa n'chakuti kanayamba kukhala kukamwa kuli yasa, kupuma kukumveka ngati kakhweru, ndipo pamphuno panaoneka kathovu. Zimenezo si khalidwe ayi, ndi zizindikiro za matenda a m'chifuwa, ndipo kuzizira ndiko kumawayambitsa kawirikawiri.

Ku Joni tikanathamangira kwa dokotala wa njoka. Kuno alangizi a ziweto amene ndinkawadziwa ntchito yawo ndi ng'ombe, mbuzi ndi nkhuku. Ndinachita zimene ndikanatha. Ndinachotsa chibokosi pansi nkuchiika pathebulo, ndinkakulunga botolo la madzi ofunda m'chitenje nkuligoneka kunja kwa chibokosi mbali imodzi, ndipo ndinkadzuka kawiri usiku kukasintha madziwo. Patatha masabata awiri kakhweru kaja kanasiya. Sindinganene kuti ndinakachiritsa. Ndinali ndi mwayi, ndipo aliyense woona zizindikiro zimenezi pa njoka yake asadalire mwayi ngati dokotala angapezeke.

Amalume, monga mwini mbumba, anaitanitsa banja lonse. Ndinabweretsa chibokosi pabwalo, anthu nkusendera kutali. Ndinafotokoza zonse: za ku sitolo, za analimata, za khungu lofundula limene ndinali nditasunga m'envulopu. Ndinatulutsanso malisiti a feteleza ndi mapepala a ku okushoni kuti aone kumene ndalama zinachokera. Amalume anamvetsera mpaka ndinamaliza, kenako anafunsa funso limodzi.

"Mphwanga, tamva kuti ilibe ululu. Nanga iyoyo ikupindulanji pokhala m'chibokosi?"

Ndinalibe yankho. Achemwali anga, amene anali atabwera ndi mwana wa miyezi 8, anawonjezera lawo. Anali atamva kusikelo za ukhondo, ndipo anafuna kudziwa ngati ndimasamba m'manja ndisanamunyamule mwanayo. Anali ndi mfundo. Njoka ndi abuluzi, ngakhale zooneka zathanzi, zimatha kukhala ndi tizilombo ta salmonella totsegula m'mimba, ndipo akatswiri a zaumoyo amalangiza kuti ana osakwana zaka 5 asamazigwire. Ndinkasamba ndi sopo nthawi zambiri, koma kunena zoona si nthawi zonse, ndipo kambale ka madzi kaja ndinakatsukirapo kangapo pamalo otsukira mbale zathu.

Usiku umenewo ndinaganiza kwambiri. Corn snake wa m'sitolo anabadwira m'bokosi, makolo ake anabadwiranso m'bokosi, ndipo womugula amakhala ndi magetsi, firiji yosungira mbewa ndi dokotala pafupi. Chakusa wanga anabadwira m'chigafa. Ndinamuchotsa pamalo pamene ankadzisamalira yekha nkumuika pamene moyo wake unkadalira botolo la madzi ofunda. Komanso nyama zakutchire zili ndi malamulo ake m'dziko muno, ndipo ine sindinafunseko ku dipatimenti yoona za nyamazi ndisanayambe.

Ndinadikira mpaka kumapeto kwa Seputembala kutayamba kutentha. Kanali katafundula kanayi, katakula ndithu, ndipo kanali katayamba kulandira tiana tambewa. Madzulo ena ndinanyamula chibokosi kupita kuseri kwa nkhokwe ya agogo, kumene makoswe anali atatilanda chimanga chaka chilichonse. Ndinaitana agogo kuti adzaone ndi maso awo. Anaima patali, atagwira ndodo. Kanjoka kanatulutsa lilime kangapo, kenako kanalowa pansi pa miyala.

"Basi? Yapita?" anafunsa.

"Yapita, agogo."

"Ikadzandiluma ndidzakutchulani dzina kumanda," anatero, koma ankaseka.

Kwa anzanga amene mumaona mavidiyo a anthu atakoleka njoka m'khosi pa TikTok, ndili ndi pempho limodzi. Musatole njoka chifukwa yaoneka yaing'ono kapena yofatsa. Kuno kuli kanjoka kena kakuda, konyezimira, kokhala m'nthaka, kotchedwa stiletto snake, kamene anthu amakasokoneza ndi njoka zopanda ululu. Mano ake amatulukira m'mbali mwa kamwa, moti ngakhale mutakagwira kukhosi kamakulasani, ndipo ena anataya chala. Ana a mphiri ndi a mamba amabadwa ndi ululu wawo kale. Mu 2017 bungwe la WHO linaika kulumidwa ndi njoka pa mndandanda wa mavuto a zaumoyo onyalanyazidwa, ndipo ovutika kwambiri ndi alimi ngati ife. Munthu akalumidwa musatemere, musayamwe bala, musamange mwendo ndi chingwe. Muthamangire naye kuchipatala.

Mphekesera sizinathe tsiku limodzi. Alipo mpaka lero amene amandipatsa moni atabisa mwana kumbuyo. Koma amayi anabwerera ku banki m'khonde, ndipo chinkhoswe chinachitika, ngakhale apongozi anayamba atumiza munthu kudzasuzumira kunsi kwa bedi. Chaka chatha mng'ono wanga anapeza khungu lofundula lalitali pafupifupi mkono wake litakodwa pa nsichi ya nkhokwe. Anabwera nalo akuthamanga kudzandionetsa. Agogo analiyang'ana, nkulamula kuti aliyense woona njoka yabulauni ya mizere kumutu pafupi ndi nkhokwe yawo ayambe waitana ine asanatole mwala.